Makope a malemu aphunzitsi: ankasewera chess ya mphamvu yanji?

Meyi, sabata yoyamba

Makope afika. Banja la malemu aphunzitsi, omwe anayambitsa kalabu yathu ya chess pano pa Nkhotakota boma, latipatsa makope asanu a sukulu ndi envulopu ya makalata. Mwana wawo wamkulu popereka anati, "Ife timangoona zilembo ndi manambala. Inu amene mumazidziwa muwerenge, mudzatiuze ngati bambo analidi katswiri kapena anthu amangowatamanda poti anatisiya." Ntchito ndi imeneyo, ndipo ndaigawa pawiri: kuyerekeza rating, nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera, imene aphunzitsi akanakhala nayo lero, ndi kupeza kaseweredwe kawo, zimene ankakonda ndi zimene ankazemba pa bolodi.

Magemu oyambirira ndi a m'zaka za m'ma 1970, omaliza ndi a kumayambiriro kwa m'ma 1990. Chinyezi cha kunyanja kuno sichinyengerera pepala. Kope lina njenjete zinadya m'mphepete, lina inki inamwazika. Tisanachite china chilichonse tajambula tsamba lililonse pa foni, makopewo tawasunga m'pulasitiki.

Meyi, sabata yachitatu

Kulowetsa magemuwa mu kompyuta kukuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha kalembedwe. Makope atatu oyamba ali m'kalembedwe kakale ka m'mabuku a ku Britain: P-K4, Kt-KB3, B-B4. Ana a masiku ano anakulira e4 ndi Nf3, ndipo FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, inasiya kuvomereza kalembedwe kakaleko mu 1981. Chozunguza mutu n'chakuti m'kalembedwe kameneko aliyense amawerenga mizere kuchokera mbali yake, moti KB3 kwa wa zoyera ndi f3, kwa wa zakuda ndi f6. Kuwonjezera apo, pali malo ambiri omwe aphunzitsi anangolemba PxP pomwe ma pawn awiri akanatha kudya, kapena R-Q1 pomwe ma rook onse awiri amafika pamenepo. Iwo ankadziwa kuti ndi iti, poti bolodi linali pamaso pawo. Ife timatsatira njira zonse ziwiri mpaka imodzi itatifikitsa pa move yosatheka. Kawirikawiri yolakwikayo imaonekera pasanathe ma move asanu.

Ndikuthandizana ndi mtsikana wina wa Fomu 3 wa m'kalabu yathu. Iye amasuntha pa bolodi, ine ndimalemba PGN, mtundu wa fayilo imene pulogalamu iliyonse ya chess imawerenga. Tagwirizana lamulo limodzi: pamene njenjete zinadya move ndipo ife tachita kuganizira, tikuikapo chizindikiro, ndipo move imeneyo sidzawerengedwa poyeza mphamvu. Kupanda kutero tidzakhala tikuyeza nzeru zathu m'dzina la aphunzitsi.

Juni, sabata yoyamba

Tili pakati pa kope lachiwiri, mtsikanayu anaima dzanja lili m'mwamba. "Akochi, gemu iyi ndikuidziwa." Inali ya ma move 17. Wa zoyera wapereka kavalo, wapereka rook, kenako queen pa Q-Kt8ch, n'kumaliza ndi rook pa mzere wakumapeto. Pamwamba pa tsamba panalibe dzina, deti lokha. Ndi gemu ya Paul Morphy ya ku Paris mu 1858, imene anasewera ndi Duke of Brunswick ndi Count Isouard m'nyumba ya opera.

Zikutanthauza kuti aphunzitsi ankakopera magemu a akatswiri m'makope omwewo omwe ankalembamo awo. Tadutsitsa mafayilo onse mu database ya magemu akale, ndipo atuluka ena angapo okopera. Ina ndi gemu yachisanu ndi chimodzi ya Bobby Fischer ndi Boris Spassky ku Reykjavik mu 1972, ija Fischer anayamba ndi c4 ndipo Spassky mwiniwake anamuombera m'manja. Ambiri mwa otsalawo ndi a José Raúl Capablanca. Zikanalowa mu masamu zimenezi, aphunzitsi akanatuluka ngati munthu amene Loweruka lina amasewera ngati katswiri wa dziko lonse, Loweruka linalo n'kutaya bishopu kwa mwana wa sukulu. Tazichotsa pa mulu woyezera mphamvu, koma sindinazitaye. Gemu imene munthu wakhala pansi n'kuikopera pamanja pa nyali ya parafini imanena kanthu za zimene ankasirira.

Juni, pakati

Makalata a mu envulopu aja ndi magemu a pa positi ndi mnzawo wa ku Zomba, move imodzi pa kalata. Ina inatenga kupitirira chaka. Awa nawonso tawaika padera. Pa positi munthu amakhala ndi masiku akuganiza, amasuntha zinthu pa bolodi n'kubweza, amatsegula buku. Ndi chess ndithu, koma si chess ya pa wotchi.

Titachotsa okopera, a pa positi ndi odukiza, atsala magemu ochepera 100. Apa ndiye pali vuto lalikulu kuposa njenjete: pafupifupi anayi mwa asanu aliwonse ndi opambana. Palibe wosewera amene amapambana chomwecho kwa zaka 20 ngati akukumana ndi anzake a msinkhu wake. Pali zotheka ziwiri, ndipo ndikuganiza kuti zonse zilipo. Ankasewera kwambiri ndi ophunzira awo omwe, komanso ankasunga magemu amene anawasangalatsa. Zili ngati kufunsa msodzi wa pa Chia kuti nyanja ikupatsa bwanji, iye n'kukufotokozera masiku a kampango okhaokha. Sakunama, koma sungawerengere pamenepo ndalama za mwezi.

N'chifukwa chake njira yodziwika ya rating sitithandiza. Njira imeneyo ndi ya Arpad Elo, mphunzitsi wa physics wobadwira ku Hungary amene anakhala ku America, ndipo FIDE inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Siyang'ana ngati unasewera mokongola. Imangofunsa kuti unasewera ndi ndani, zinatha bwanji. Rating yako ikaposa ya mnzako ndi 200, umayembekezeka kutenga pafupifupi 76 pa mapointi 100 aliwonse. Ikaposa ndi 400, pafupifupi 9 pa 10. Masamuwo amafuna zinthu ziwiri, rating ya opikisana nawo ndi magemu onse, opambana ndi ogonja omwe. Ife zonse ziwiri tilibe. Pamwamba pa masamba ambiri pangolembedwa "mnyamata wa ku Dwangwa" kapena "abambo a ku positi ofesi".

Julayi, sabata yoyamba

Tatembenukira ku ma move enieniwo. Injini ya Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosewera chess, imayang'ana malo aliwonse pa bolodi, n'kunena move imene ikuona kuti ndi yabwino koposa, n'kuyeza kuti imene munthu anasewera yataya zochuluka bwanji. Muyezo wake ndi centipawn, ndipo 100 ndi mtengo wa pawn imodzi. Amene amasewera pa Lichess, webusayiti ya chess, anaionapo nambala imeneyi gemu ikatha. Ubwino wake kwa ife n'ngwakuti sifunsa dzina la mnzako kapena zotsatira.

Malamulo amene ndaika ndi awa. Stockfish ikhale ya mtundu umodzi ndi kuya kumodzi (kuchuluka kwa ma move amene imayang'ana kutsogolo) pa gemu iliyonse, chifukwa manambala ake amasintha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina. Ma move oyambirira sakuwerengedwa, tikuyambira pa move 12, poti kumayambiriro munthu amasewera zoloweza, ndipo mwana wa lero ali ndi foni pomwe aphunzitsi anali ndi mabuku awiri kapena atatu. Malo amene mbali ina yatsogola kale ndi ma pawn oposa awiri tikuwasiyanso. Munthu akaona kuti wapambana amasankha njira yosavutitsa ngakhale ndi yaitali, ndipo injini imamulemba kuti walakwa pomwe sanalakwe. Wogonja naye amayamba kutchova juga. Malamulo awiri omalizawa ndatengera kwa Matej Guid ndi Ivan Bratko a ku Ljubljana, amene mu 2006 anayeza akatswiri a dziko lonse ndi injini ya Crafty.

Laputopu yanga ndi yokalamba, imatentha ngati ikudwala, ndiye ndimaisiya ikugwira usiku pamene mwera ukuziziritsa chipinda. Magetsi akathima ntchito imayambira pa gemu imene inalekera, poti ndaikonza kuti izisunga zotsatira gemu iliyonse ikatha.

Julayi, pakati

Nambala ya centipawn payokha ilibe tanthauzo. Pamafunika anthu a rating yodziwika amene ayezedwa ndi injini yomweyo, malamulo omwewo. A m'kalabu yathu amene ali ndi rating ya FIDE ndi ochepa, aja amakwanitsa ulendo wa ku Lilongwe kukasewera mipikisano ya Chessam, bungwe la chess m'Malawi muno, ndipo magemu awo olembedwa sakwana. Magemu a pa Lichess alipo ochuluka, aulere, koma rating yake ndi ya njira ina ya Glicko-2 ndipo sigwirizana ndi ya FIDE, komanso ambiri ndi othamanga.

Ndasankha magemu a Olympiad ya ku Budapest ya 2024, mpikisano wa matimu a maiko. Kumeneko kumapita maiko aang'ono ambiri, a mu Africa muno omwe, moti osewera a pakati pa 1600 ndi 2100 alipo okwanira, ndipo nthawi yake ndi yaitali: mphindi 90 pa ma move 40 oyamba, kenako zina 30, ndi masekondi 30 owonjezera pa move iliyonse. Chifukwa china chosankhira Budapest osati Olympiad ya ku Chennai ya 2022 n'chakuti mu Malichi 2024 FIDE inakweza rating za onse amene anali pansi pa 2000, ndipo yotsikitsitsa inakhala 1400. Munthu wa 1500 mu 2022 ndi wa 1700 pa muyezo watsopano. Kusakaniza zaka ziwirizo kukanapotoza muyezo wonse.

Zotsatira zoyamba zafika, ndipo aphunzitsi akugwera pafupi ndi gulu la 2000. A m'kalabu atamva anasangalala. Ine ndawauza kuti adikire.

Julayi, kumapeto

Chodikirira ndi ichi. Guid ndi Bratko atayeza akatswiri, amene anatuluka pamwamba pa kusalakwitsa anali Capablanca, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927. Anthu anadandaula kuti Capablanca ankakonda kusinthana zida n'kulowa m'malo odekha, momwe ma move atatu kapena anayi amakhala abwino mofanana ndipo kulakwitsa n'kovuta. Mikhail Tal, amene anatenga ukatswiri mu 1960, ankachita kukoleza moto pa bolodi, kupereka kavalo pamene injini sikuvomereza, mnzake n'kusochera. Pa muyezo wa centipawn munthu wotere amaoneka wolakwitsa kwambiri, chonsecho ndiye wapambana. Ofufuza aja nawonso anaona vutoli ndipo anawonjezera muyezo wa kuvuta kwa malo. Choncho nambala yabwino imatha kuchokera ku mphamvu, imathanso kuchokera ku khalidwe lopewa phokoso. Ndipo munthu amene anadzaza kope ndi magemu a Capablanca ndiye woyamba kumukayikira.

Pali chinanso. Mnzako akakhala wofooka, amakupatsa mafunso osavuta. Wasiya kavalo poyera, iwe wadya, injini yakulembera kuti wakhoza. Ma move oterewa akachuluka, aliyense amaoneka katswiri.

Ndagawa tsono malo onse m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi pamene ma move atatu apamwamba a injini akusiyana pang'ono chabe. Gulu lachiwiri ndi pamene move imodzi yokha ndiyo imapulumutsa, zinazo zikutaya zambiri. M'gulu lachiwirili ndachotsamo kubweza kudya, kuja mnzako wadya iwe n'kudya pomwepo, ndi ma move okakamizidwa ndi check, chifukwa amenewo ngakhale woyamba kumene amawapeza. Magemu a ku Budapest ndawagawa chimodzimodzi.

Chithunzi chasintha. M'malo odekha aphunzitsi akukhalabe ndi a 2000. M'malo a move imodzi akutsika kufika cha ku 1700, ndipo kulakwitsa kwawo kuli ndi nkhope imodzi: saona move yachete ya mnzawo pakati pa kudyana. Amawerenga kuti ndidya, adya, ndidyanso, osaganiza kuti mnzawo akhoza kusiya kubweza n'kuyamba waopseza china. M'magemu ochepa ogonja amene anasunga, oposa theka anathera pamenepo. Chochititsa chidwi n'chakuti m'mphepete mwa gemu ina analemba okha ndi pensulo kuti "ndinafulumira", ndipo pomwepo ndi pamene Stockfish ikuonetsa kugwa. Ankadziwa pomwe pankawapweteka.

Ogasiti, sabata yoyamba

Gawo la kumapeto kwa gemu ndi limene landikhutiritsa koposa, chifukwa kumeneko sitidalira maganizo a injini. Malo onse amene pa bolodi patsala zida zisanu ndi ziwiri kapena kucheperapo anawerengedwa kale mpaka mapeto ndi makompyuta, m'zimene amati tablebase. Move imakhala yasunga kupambana, yasunga kulepherana, kapena yataya. Palibe za pafupifupi.

Aphunzitsi apa anali olimba. M'magemu a rook ndi pawn ankateteza m'njira ya Philidor, imene inafalitsidwa mu 1777: rook imakhala pa mzere wachitatu kuchokera mbali yako kuletsa mfumu ya mnzako kulowa, ndipo pawn ikangosunthira pa mzere umenewo, rook imathawira kumapeto kukapereka ma check kuchokera kumbuyo. Anazichita m'magemu osiyana zaka zambiri, osaphonya. Akakhala ndi pawn yoposa ankadziwanso njira ya Lucena, yotchinga ma check ndi rook pa mzere wachinayi. Zimenezi munthu sazitola mwangozi pa bolodi, amachita kuziphunzira. Pa magemu a ku Budapest ndaona osewera a 1900 akutaya malo omwewa, ngakhale kuti iwo wotchi inali ikuwathamangitsa, pomwe makope sanena ngati m'kalabu munali wotchi masiku amenewo. Ndinafunsa madala ena omwe ankasewera nawo. Anaseka n'kunena kuti wotchi yawo inali dzuwa.

Ogasiti, pakati

Ndinapita ku Linga kukacheza ndi madala omwewo, amene tsopano maso anafooka ndipo amangosewera bawo. Ndinawafotokozera kuti makope akuonetsa munthu wodekha, wokonda kusinthana ma queen msanga.

"Iyayi mwanawe, amene ukunenayo ndi munthu wina. Aphunzitsi ankakuthyolera nyumba. Bishopu pa mphuno ya mfumu, kavalo kumbuyo kwake, queen n'kubwera. Ine anandichita zimenezo anthu akuonerera pakhonde."

"Zoona, madala, gemu imeneyo ndaipeza. Koma kodi anakuchitani kangati?"

"Kamodzi sikokwanira?"

Akunena kupereka bishopu pa h7: Bxh7+, mfumu yadya, Ng5+, kenako queen pa h5. Ndi msampha wakale, uli kale m'zolemba za Gioachino Greco za m'ma 1600, ndipo umakonda kubwera wa zakuda akasewera njira yoyambira gemu yotchedwa French Defence, wa zoyera n'kukankha pawn kufika pa e5 kuthamangitsa kavalo woteteza. M'makope muli magemu atatu otere, ndipo onse atatu injini ikuvomereza. Kunja kwa amenewa sindinapeze pamene aphunzitsi anapereka chida popanda kuona mapeto ake. Ankaukira pokhapokha chithunzi cha m'buku chitaonekera chonse. Anthu akukumbukira masana atatu amenewo chifukwa anali okoma kuonerera, pomwe magemu a ma move 60 othera pa rook ndi pawn oonerera ankachoka asanathe.

Poyeza kaseweredwe ndagwiritsa ntchito gulu loyamba lija, pomwe injini ikuti ma move angapo ndi ofanana. Pamenepo mphamvu sinena kanthu, chimene chimasankha ndi mtima wa munthu. Aphunzitsi akapatsidwa mwayi wosinthana ma queen kapena kuwasunga, ankasinthana kawirikawiri kuposa osewera a ku Budapest. Ndi zoyera ankayamba e4 pafupifupi nthawi zonse, n'kulowa mu njira yoyambira yotchedwa Italian, bishopu pa c4, koma m'malo mothamangira pakati ankakonda d3 n'kumanga pang'onopang'ono. Mfumu ankaibisa msanga, ma pawn a patsogolo pake osawagwedeza. Ankakonda kavalo kuposa bishopu, mpaka nthawi zina kupereka bishopu wabwino kuti atsale ndi kavalo. Izi zikuoneka mofanana m'makope onse asanu, m'magemu opambana ndi ogonja omwe, ndi a pa positi omwe. Kusankha kwawo magemu osunga sikukusokoneza mbali imeneyi, chifukwa munthu amatha kubisa kugonja koma zizolowezi zake zimalowa m'gemu iliyonse. Za kaseweredwe ndikulankhula mosakayika. Za mphamvu ndiye ayi.

Sepitembala, sabata yoyamba

Nambala imene ndalemba mu lipoti ndi pakati pa 1750 ndi 1950 pa muyezo wa FIDE wa pambuyo pa Malichi 2024. Ena m'komiti akuti mpata wa 200 ndi waukulu, ndingotchula imodzi. Ndakana. Ma move amene atsala titachotsa oyambirira, oganizira, okakamizidwa ndi a malo otheratu ndi ochepa, ndipo ndikachotsa magemu awiri kapena atatu okha nambala imasuntha ndi makumi angapo. Ngakhale njira ya Glicko ya Mark Glickman imapereka rating pamodzi ndi nambala yachiwiri yosonyeza kukula kwa chikayiko, ndipo imeneyo ndi ya anthu amoyo amene akusewera sabata iliyonse. Komanso magemu ogonja osowa aja akanapezeka, akanakokera nambala pansi, osati m'mwamba, ndiye ine ndimaima pafupi ndi 1800.

Wina anapempha kuti pa chikho chokumbukira aphunzitsi palembedwe mawu oti master. Udindo wotsikitsitsa wa FIDE wosasankha mwamuna kapena mkazi, Candidate Master, umafuna 2200 pa njira ya rating, ndipo makope safika pamenepo ngakhale titawakomera mtima. Komiti yavomera kulemba dzina ndi zaka zokha. Ana ena atamva 1800 anakwinya nkhope, poti m'mutu mwawo muli 2882 ya Magnus Carlsen ya mu 2014. Ndinawakhazika pa bolodi n'kuwapatsa malo a Philidor ochokera m'kope lachinayi kuti ateteze. Anateteza mmodzi yekha.

Banja ndakaliuza Lamlungu. Ndinati bambo awo akanabwera pa kalabu lero akanakhala pa bolodi loyamba kapena lachiwiri, malo a osewera amphamvu koposa, kuti kumapeto kwa gemu palibe wa ife akanawapirira, ndipo kuti wofuna kuwagonjetsa akanayenera kusunga ma queen n'kusokoneza pakati. Mwana wawo uja anati kwa mchemwali wa malemu ku Dwangwa kuyenera kuti kuli kope lina la chikuto chobiriwira, limene bambo sankalola ana kuligwira. Ngati ndi la magemu ogonja, nambala ndidzaiwerenganso kuyambira pachiyambi. Pakadali pano mafayilo a PGN tawaika pa flash disk ziwiri, ina ku banja, ina ku kalabu, ndipo mtsikana uja wayamba kusandutsa malo 20 a rook ndi pawn kukhala mafunso a kalasi ya Loweruka.